Ndisiye mapiritsi, ndilimbike pemphero? Yankho kwa mayi wa ku Domwe

Mayi wina wa ku Domwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, walemba motere: "Mwana wanga wachisamba anafa pa ngozi ya mota miyezi 9 yapitayo, akuchokera kogulitsa mbatata ku Vila. Chichokereni tsikulo tulo ndilibe. Mtima umathamanga, mutu umatentha paliwombo, kudimba ndinasiya kupita. Ndimapemphera usiku wonse, ndasala kudya kangapo, kuphiri ndapitako kawiri. Kuchipatala anati BP ili bwino, malungo mulibe, koma ndikuganiza kwambiri. Anandipatsa mapiritsi omwa usiku, n'kundiuza kuti ndizikhala chete ndi kupuma pang'onopang'ono, ati kusinkhasinkha. Anzanga a kumapemphero akuti mapiritsiwo ndi a amisala, ndipo kukhala chete koteroko n'kwa zipembedzo zachilendo, kumatsegulira ziwanda khomo. Akuti chikhulupiriro changa chachepa. Kodi ndisiye zakuchipatala, ndilimbike pemphero?"

Pepani, mayi. Pepani ndithu. Mwana wachisamba ndiye amene anayamba kukutchulani kuti amayi, ndipo kuika m'manda munthu amene munkayembekeza kuti adzakuikeni inuyo ndi chinthu chimene mawu anga sangachichepetse.

Yankho langa ndi ili: mapiritsi musasiye, pemphero musasiye. Chimene ndikupempha kuti muyambe mwaimitsa ndi kuchezera usiku wonse ndi kusala kudya. Ndikulankhula ngati munthu amene ntchito yake ndi kuthandiza odwala maganizo, komanso ngati munthu amene amagwada n'kupemphera. Zinthu ziwirizi sizinayambanepo mwa ine, ndipo ndikufuna kukufotokozerani chifukwa chake.

Tiyambe ndi thupi lanu. Chisoni si matenda. Mayi wosalira mwana wake ndiye tingadabwe naye. Koma zimene mwalembazi zapitirira kulira. Munthu akamva uthenga woopsa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adirenalini ndi kotizo, timene timathamangitsa mtima, kumangitsa minofu ya m'khosi ndi kuthamangitsa tulo, kuti munthuyo athawe kapena alimbane ndi choopsacho. Choopsa chikadutsa, thupi limayenera kubwerera m'malo. Mwa inu silinabwerere. Lili ngati galu amene anaona akuba usiku umodzi, ndiye akuuwabe usiku uliwonse ngakhale kukhola kuli zii. Kutentha paliwombo kuja ndimakumva kwa anthu ambiri a kwathu kuno. Ena amati m'mutu mukuyenda tinthu, ena amati pamtima pali mwala. N'chifukwa chake makina a BP sanapeze kanthu, chonsecho ululu wanu ndi weniweni.

Kulephera kugona, kutaya chilakolako cha ntchito imene munkaikonda, kudzimva wolakwa ndi kulemedwa mtima pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu yoposa iwiri, ife timakutcha matenda a kukhumudwa. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni pa dziko lonse anali nawo. Bungwe lomwelo linaikanso m'ndandanda wa matenda chisoni chimene chimamanga munthu osam'masula kwa miyezi yoposa 6, kupitirira mmene mwambo wa kwawo umayembekezera. Anzathu Achishona ku Zimbabwe amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Si misala. Wamisala amene anzanuwo akumuganizira ndi uja woyenda m'misika atavala nsanza, ndipo ngakhale iyeyo ali ndi matenda ochizika. Inu mukudziwa dzina lanu, mukudziwa tsiku, mwalemba kalata yomveka bwino. Chimene chakukanikani ndi kupumula.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuchiona kuti ndi mtima wa nkhani yanu. Ndikufunseni, mayi, ndipo mudziyankhe nokha moona: pakati pa usiku paja, anthu onse atagona, inu mutagwada pamphasa, mumanena chiyani? Amayi ambiri ofedwa amene ndakhala nawo, ndikawafunsa funso limeneli amayamba akhala chete, kenaka amandiuza. Amayamba ndi "Atate wathu", koma posakhalitsa mawu amasanduka ena. Ndikanamuletsa tsiku lija. Ndikanagulitsa ndekha mbatata zija. Ambuye, ndinakulakwirani chiyani? Kodi anamva ululu? Kodi anandiitana? Ndiye amabwereranso poyambira, ndikanamuletsa tsiku lija, mpaka tambala woyamba. Mawondo agwada ndithu, maso atsinzina, koma zimene zikuchitika m'mutumo ndi kuganiza kwambiri komwe kuja, kwangofunda nsalu ya pemphero. Kuli ngati kusinja mumtondo mopanda mphale: musi ukumveka mudzi wonse, thukuta lili kamukamu, koma kukacha palibe chopeta.

Sindikunena kuti Mulungu sakumva kulira koteroko. Amamva. M'Masalimo muli madandaulo owawa kuposa anuwo, ndipo Salimo 88 limatha wolembayo akadali mumdima. Ndikunena za zimene kuzungulira kotereku kumachita m'thupi lanu. Nthawi iliyonse mukabwereza ngozi ija m'maganizo, thupi limaimva ngati ikuchitika pompano, ndipo galu uja amayambiranso kuuwa.

Katswiri wina wa ku America, Kenneth Pargament, anatha zaka zambiri akufufuza mmene anthu amagwiritsira chipembedzo pa nthawi ya mavuto. Iye ndi anzake anapeza kuti okhulupirira sapindula mofanana. Amene amaona Mulungu ngati woyenda nawo m'masautso, amene amatula katundu wawo kwa Iye n'kulandiranso thandizo la anzawo mumpingo, kawirikawiri amapirira bwino. Amene amakhulupirira kuti Mulungu akuwalanga kapena wawataya, nkhawa ndi kukhumudwa kwawo kumakhala kokulirapo. Onsewo ndi opemphera, ndipo mwina achiwiriwo ndiwo amapemphera maola ambiri. Ndiye mawu akuti "chikhulupiriro chanu chachepa" amandipweteka ndikawamva akuuzidwa mayi wofedwa. Anzanuwo ndikhulupirira amakukondani, akufuna muchire, ndipo akukupatsani mankhwala amene akuwadziwa. Koma mawu amenewo akukukankhirani ku gulu lachiwiri lija. Munali ndi mtolo umodzi, wa imfa ya mwana. Tsopano akusenzetsani wina, woti Mulungu sakukondwera nanu.

Mukumbukire mneneri Eliya pa 1 Mafumu 19. Munthu amene anali atangoona moto ukutsika kumwamba pa phiri la Karimeli anathawira kuchipululu, anakhala pansi pa kamtengo, napempha kuti afe. Mngelo atabwera sanamuuze kuti asale kudya kapena kuti chikhulupiriro chake chachepa. Anamudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, Eliya n'kugonanso, mngelo n'kumudzutsanso kachiwiri kuti adye. Kulankhula ndi Mulungu kunabwera pambuyo, ndipo sikunabwere mu mphepo yamkuntho, mu chivomezi kapena m'moto, koma m'kamawu kofatsa. Nkhani imeneyi ndimaikonda chifukwa ndondomeko yake ndi yomwe timatsata kuchipatala: tulo, chakudya, kenaka kukambirana.

Za kusinkhasinkha, sindikubisirani kanthu. Njira imene azachipatala ambiri amaphunzitsa lero inakonzedwa ndi Jon Kabat-Zinn mu 1979 pa yunivesite ya Massachusetts ku America, ngati maphunziro a milungu 8 a anthu odwala ululu wosatha ndi nkhawa. Iye anaitenga ku machitidwe a Chibuda, n'kuchotsamo zachipembedzo zonse. Choncho anzanuwo sananame ponena kuti pali chiyambi chachilendo. Pamene aphonya ndi poganiza kuti kukhala chete pamaso pa Mulungu kunayambira kumeneko. Ansembe a chipani cha Ajezuiti, amene anayambitsa mishoni ya Lifidzi kuno ku Angónia zaka zoposa 100 zapitazo, amatsata mwambo wa Ignatius wa ku Loyola wa m'zaka za m'ma 1500: madzulo munthu amakhala chete kwa mphindi zochepa, n'kuyang'ana tsiku lonse mmene layendera, kuthokoza pamene panali chabwino, kutula pamene panali cholemera. Akatolika ali ndi kolona. Asilamu ali ndi tasibihi, mikanda imene amawerengera potchula maina a Mulungu mobwerezabwereza. A mpingo wa Reformada ndi mipingo ina amaloweza vesi n'kumalilingalira ali kumunda. Ngakhale makolo athu ankadziwa kuti pasiwa munthu wanzeru amafika, kukhala pansi, osachulutsa mawu.

Mu 2001 dokotala wa ku Italy, Luciano Bernardi, ndi anzake anayeza anthu akunena pemphero la Tikuoneni Maria m'Chilatini, nawayezanso akubwereza mawu a yoga, mwambo wa kusinkhasinkha wa ku India. M'njira zonse ziwirizo kupuma kwawo kunatsika kufika pafupifupi ka 6 pa mphindi imodzi, pamene munthu wamkulu nthawi zonse amapuma ka 12 kapena kupitirira. Thupi silinafunse kuti mawuwo ndi a chipembedzo chiti. Chimene chimachitika n'chakuti potulutsa mpweya pang'onopang'ono, mtsempha wotchedwa vagus, umene umachokera ku ubongo kutsikira ku mtima ndi m'mimba, umauza mtima kuti uchepetse liwiro. M'chinenero chathu mawu akuti kupuma ali ndi matanthauzo awiri, kukoka mpweya ndi kuleka ntchito kuti thupi litsitsimuke, ndipo ine ndimaona kuti amene anayamba kulankhula Chichewa anaona chinthu chimene makina atsimikiza mochedwa. Mpweya umenewu ndi womwe uja Mlengi anauzira m'mphuno mwa munthu woyamba. Sindikuona khomo la chiwanda pamenepo.

Ngati mtima wanu sukumasuka ndi kukhala chete kopanda mawu, musadzikakamize. Ikanimo mawu anu a chikhulupiriro. Madzulo mutadya, khalani pakhonde kapena pampando, msana utatsamira khoma. Kokani mpweya ndi mphuno mukunena mumtima kuti "Ambuye Yesu", ndiye muutulutse pang'onopang'ono, motalikirapo kuposa pokoka, mukunena kuti "ndigwireni dzanja". Sankhani mawu anuanu, afupi, amene sakufunsa funso. Maganizo adzathawira kumsewu kuja, musakayike. Akathawa musadzikalipire, ingowabwezani ku mawu aja monga mmene mumabwezera mbuzi yolowera m'munda wa eni, kakhumi kapena makumi awiri. Kubwezako ndiye ntchito yake. Yambani ndi mphindi 5, pakapita mlungu mufike 10.

Chenjezo limodzi pano, ndipo ndi lofunika. Anthu ena akatsinzina n'kukhala chete, zithunzi zoopsa zimabwera mwamphamvu kuposa kale. Ndaziona mwa akuluakulu a kuno amene anaona zoopsa pa nkhondo ija isanathe mu 1992, amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu ana ali kumsana, ndipo ndaziona mwa amene anafika pamalo a ngozi n'kuona thupi la m'bale wawo. Ngati inu munaona mwana wanu pamsewu paja, ndipo mukatsinzina mumamuonanso, musatsinzine. Penyani chinthu chimodzi, mtengo wa pichesi pabwalo kapena moto wa pamafuwa, mapazi ali pansi. Kapena pempherani manja akugwira ntchito, mukutongola chimanga kapena kusankha nyemba. Zikakulabe, lekani, mukawauze a kuchipatala. Kusinkhasinkha kumathandiza ambiri, koma pa kukhumudwa kozama ngati kwanu sikulowa m'malo mwa mankhwala ndi uphungu.

Chifukwa chimene ndikukanizira kuchezera ndi ichi. Ubongo umakonza zowawa za tsiku munthu ali m'tulo. Usiku umodzi wosagona umakwanira kuti munthu wabwinobwino akhale wokwiya msanga ndi wamantha mawa lake. Inu mwakhala miyezi 9. Ndalandirapo anthu otsika kuphiri atatha masiku atatu kapena anayi osagona, osadya, akulankhula osalekeza, akumva mawu amene ena sakuwamva. Abale awo ena ankati wadzazidwa, ena ankati walodzedwa. Atagona ndi kulandira mankhwala, anabwerera mwakale. Sindikunyoza phiri, ndipo kusala kudya kuli ndi malo ake m'moyo wa wokhulupirira wathanzi. Koma mayi woyamwitsa kapena wodwala shuga sitimuuza kuti asale, ndipo ngakhale Asilamu pa Ramadani amamasula odwala. Inunso ndinu wodwala pakali pano. Muzipemphera kukadali kowala ndi madzulo musanagone, ndipo mukadzuka pakati pa usiku musayambe mlandu uja. Nenani kuti, "Ambuye, nkhaniyi ndaisiya m'manja mwanu mpaka kuche", mubwerere ku kupuma kuja.

Za mapiritsi. Simunatchule dzina lake, koma amene amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala zathu pa vuto lotere ndi amitriptyline, womwa usiku, kapena fluoxetine. Sagwira ngati panado. Tulo tikhoza kuyamba kubwera m'masiku oyamba, koma mtima umayamba kupepuka pakatha milungu iwiri mpaka inayi, nthawi zina isanu ndi umodzi. Ambiri amasiya pa mlungu woyamba chifukwa kukamwa kukuuma ndipo m'mawa mutu ukulemera, n'kumati mankhwalawa sakugwira. Zimenezo nthawi zambiri zimachepa thupi likazolowera. Mukayamba kupeza bwino mupitirize kwa miyezi 6 kapena kupitirira monga adzakuuzireni, ndipo posiya muchepetse pang'onopang'ono mothandizidwa ndi amene anakupatsani, osangodula tsiku limodzi. Asungeni patali ndi adzukulu, chifukwa amitriptyline akamwedwa wambiri amapha. Mankhwalawa sadzafafaniza mwana wanu m'mtima mwanu. Amayi ena amaopa zimenezo, amati ndikasiya kumva ululu ndiye kuti ndamuiwala. Ayi. Adzangokupatsani mphamvu zoti mumulire muli chiimire.

Amene anakuonani mwina ndi tekiniko wa matenda a maganizo. Dziko lathu la Mozambique lili ndi madokotala ochepa kwambiri a nthambi imeneyi, ndiye kuyambira m'zaka za m'ma 1990 boma lakhala likuphunzitsa matekiniko amenewa n'kuwatumiza m'maboma, kuti munthu wa ku Domwe kapena ku Tsangano asachite kukwera chapa (minibasi) mpaka ku Tete kapena ku Beira. Ndi anthu odziwa ntchito yawo, ndipo ambiri mwa iwo Lamulungu amakhala m'tchalitchi ngati inu nomwe.

Pali funso limene sindingalidumphe, ngakhale ndi lolemera. Kodi maganizo oti bola kumutsatira mwanayo anakufikiranipo? Ngati anatero, simuli woipa ndipo simuli nokha, amafikira ofedwa ambiri. Koma musawasunge. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupite ku chipatala cha ku Ulongué kapena chimene muli nacho pafupi osadikira tsiku limene anakulemberani. Mankhwala opopera mbatata ndi tomato, ndi aja osungira chimanga, achoke m'nyumba mwanu akasungidwe kwa achimwene anu kapena kwa aneba. Maganizo amenewa amabwera ngati mvula ya mkuntho, amawomba kwa kanthawi n'kudutsa, ndipo ambiri amene tawataya m'midzi yathu ya alimi tawataya chifukwa botolo linali pafupi pa kanthawi kameneko.

Mwina abale ena anenapo kale zokaombeza kuti adziwe amene anapha mwanayo. Pa imfa ya ngozi sizilephera. Ine ndaona mabanja akubwerako ndi dzina la azakhali kapena la agogo, ndipo kuchokera pamenepo wofedwa uja amataya mwana n'kutayanso abale amene akanamugwira dzanja. Tulo sitibwera chifukwa chopeza womuloza chala.

Chimene mpingo uli nacho, chimene ine ndilibe m'kabati ya mankhwala, ndi anthu. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench: agogo aakazi ophunzitsidwa pang'ono amakhala pa benchi panja pa chipatala, kumvetsera munthu wa kufungisisa ndi kumuthandiza kumasula mavuto ake limodzi ndi limodzi, maulendo 6. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pa benchipo anapeza bwino koposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Agogo oterewa ife tili nawo kale m'chigwirizano, m'mphakati, m'kwaya. Paja amati maliro n'kulirana, koma vuto lathu n'lakuti timalirana masiku atatu, tikameta aliyense amabwerera kumunda kwake, ndipo mwezi wachisanu ndi chinayi wofedwa amatsala yekha ndi mphasa. Pezani mayi mmodzi amene anaikapo mwana, amene sadzakudulani pakamwa ndi vesi musanamalize kulankhula. Muzikumana naye tsiku lodziwika mlungu uliwonse. Mumutchule mwanayo dzina, munene zimene ankakonda kudya, mmene ankasekera. Kukwaya bwererani ngakhale mawu asatuluke, chifukwa kuimba nakonso ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo kumachitika phewa ndi phewa ndi anzanu.

Kudimba musadikire kuti mtima uyambe wafuna. Pa matenda amenewa chilakolako chimabwera m'mbuyo mwa miyendo. Pitani mawa ndi munthu wina, ola limodzi lokha, ngakhale mukangothirira mzere umodzi wa kabichi n'kubwerako. Ndikudziwa kuti mbatata zimenezo ndi zomwe mwanayo ananyamula tsiku lija, ndipo mwina n'chifukwa chake mapazi akukana njira imeneyo. Mukalira muli m'dimbamo, lirani, mnzanuyo adikire.

Abusa kapena akulu a mpingo muwauze zonse, kuti muli pa mankhwala ndipo mwayamba mwaleka kusala ndi kuchezera kufikira mutachira. Atsogoleri ambiri amene ndakambirana nawo amamvetsa msanga akafotokozeredwa, ndipo ena amayamba okha kutitumizira akhristu awo. Tsiku lobwerera kuchipatala likafika, pemphani mmodzi wa amayi amene akukuuzani kuti musiye mapiritsi aja akuperekezeni. Alowe nanu m'chipindamo, afunse yekha mafunso ake onse, za ziwanda zomwe. Pobwerera mukapemphere limodzi, kukadali masana.